Usiku Woyamba wa Wodwala Sitiroko

Amene mwabereka ana kumbuyo atsitseni muwakhazike pamiyendo, chifukwa nkhani ya lero ndi yotalikirapo.

Ambiri mwa inu munamva sewero la pa wailesi lija, la agogo amene anapita ku Joni kukaona mwana wawo ndi zidzukulu. Kwa amene simunamve, nkhani yake inali yotere. Mmawa wina agogowo akumwa tiyi, kapu inawapulumuka m'manja. Pakamwa panapotoka, mawu osamvekanso. Mpongozi wawo sanachedwe, anaitana galimoto, ndipo ola lisanathe anali atafika ku chipatala chachikulu. Kumeneko anawaunika m'mutu ndi makina, nkuwaika diripi ya mankhwala osungunula magazi oundana. Pofika masana agogo anayamba kukweza mkono uja, nkuitana mdzukulu wawo ndi dzina. Banja lonse linakondwa, mpaka anaimba foni kumudzi kuti agogo achira. Koma dzuwa litalowa agogo anayamba kudandaula mutu, anasanza kawiri, kenaka anagona. Mpongozi anati, "Asiyeni apume, atopa." Namwino pobwera kudzawayeza anapeza kuti sakudzuka. Sewero linathera pamene akuthamangira nawo ku makina aja kachiwiri.

Pa zokambirana zathu panabuka mkangano. Ena anati adokotala ndiwo analakwa popereka mankhwala aukali kwa munthu wokalamba. Ena analoza chala mpongozi. Mayi wina ananena poyera zimene ambiri anali nazo mumtima, kuti agogowo anachita kumenyedwa hamala ndi anthu ansanje akumudzi, ndipo hamala sichizika ndi diripi. Lero ndikufuna tione bwino chimene chinachitika m'mutu mwa agogowo, ndiponso chifukwa chake chinachitika madzulo a tsiku lomwelo, osati mawa lake kapena sabata ya mawa.

Kodi sitiroko nchiyani?

Taganizirani ngalande yothirira m'dimba. Madzi akamayenda bwino, mbewu zonse zimakhala zobiriwira. Ngalandeyo ikhoza kuonongeka m'njira ziwiri. Ikhoza kutsekeka ndi zinyalala, mbewu za kumunsi nkuyamba kufota. Ikhozanso kugumuka, madzi nkusefukira m'mabedi, nkukokolola mbewu. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili chimodzimodzi. Pali sitiroko ya kutsekeka, pamene mbulu wa magazi oundana watseka mtsempha, ndipo pali sitiroko ya kuphulika, pamene mtsempha wang'ambika magazi nkutayikira mu ubongo. Ya kutsekeka ndiyo yochuluka. Komabe kuno ku Africa ya kuphulika si yosowa ayi. Kafukufuku wamkulu wa ku Ghana ndi ku Nigeria, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti mwa odwala sitiroko atatu alionse, mmodzi anali ndi ya kuphulika.

Chovuta nchakuti ndi maso simungathe kusiyanitsa. Zonse ziwiri zimapotoza pakamwa, zimafoola mkono ndi mwendo wa mbali imodzi, zimasokoneza mawu. Ngakhale dokotala sangatsimikize popanda makina ounikira m'mutu otchedwa CT sikani. Nchifukwa chake mankhwala osungunula magazi saperekedwa munthu asanaunikidwe. Kuwapereka kwa munthu amene mtsempha wake waphulika ndi kumumaliza.

Mankhwala amene agogo analandira

Dzina lake ndi alteplase. Amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa wodwala, monga timachitira ndi mankhwala a ana kuno kusikelo. Gawo laling'ono amabaya kamodzi mumtsempha, otsalawo amayenda mu diripi kwa ola limodzi. Masiku ano zipatala zambiri za kunja zikugwiritsanso ntchito mankhwala ena ofanana nawo otchedwa tenecteplase, amene ndi jakisoni mmodzi basi. Ntchito yake ndi imodzi: kusungunula mbulu uja kuti magazi ayambenso kuyenda ubongo usanafe.

Mankhwalawa ali ndi malire a nthawi. Kawirikawiri amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka chiyambire zizindikiro, ndipo akaperekedwa msanga amathandiza kwambiri. Akatswiri anawerengera kuti pa sitiroko yaikulu, timaselo ta ubongo pafupifupi 2 miliyoni timafa pa mphindi iliyonse imene mtsempha uli chitsekekere.

Tsono kodi adokotala a m'sewero analakwa? Ine ndikuti ayi, ndipo ndikupatsani manambala. Mu 1995 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa odwala 624. Theka analandira alteplase pasanathe maola 3, theka lina sanalandire. Mwa anthu 100 alionse amene analandira, pafupifupi 6 anataya magazi mu ubongo mpaka kudwalika nazo. Mwa amene sanalandire, sanakwane ndi mmodzi yemwe pa 100. Ngozi ilipo ndithu, ndipo palibe dokotala amene amaibisa. Koma patatha miyezi itatu, mwa anthu 100 alionse, amene anachira bwinobwino nkumadzichitira okha zinthu anali ochuluka ndi anthu 11 mpaka 13 m'gulu lolandira mankhwala. Ndipo imfa sizinachuluke: anamwalira anali 17 pa 100 mwa olandira, 21 pa 100 mwa osalandira. Mu 2008 kafukufuku wina wa ku Ulaya, wa odwala 821, ndiye anasonyeza kuti mankhwalawa amathandizabe mpaka maola 4 ndi theka.

Choncho atakhala mayi anga amene agona pabedipo, afika mu nthawi yake, makina asonyeza kuti ndi sitiroko ya kutsekeka, ndipo adokotala akuti akuyenera kulandira, ine ndingavomere. Koma usiku umenewo sindingagone.

Nchifukwa chiyani magazi amatayika, ndipo amatayika liti?

Tibwerere ku ngalande ija. Ngalande ikakhala youma kwa nthawi, makoma ake amang'aluka. Mukachotsa zinyalala madzi nkubwera ndi mphamvu, amalowa m'ming'alu muja, pena khoma nkugumuka. Mitsempha ing'onoing'ono ya mu ubongo nayonso imafooka ikakhala maola angapo yopanda magazi. Mbulu ukasungunuka, magazi amabwerera m'mitsempha yofooka, ndipo ngati BP ili yokwera, amabwera mokankha. Ichi ndi chifukwa choyamba.

Chifukwa chachiwiri ndi chimene anthu ambiri sachidziwa. Mankhwala enieniwo sakhalitsa m'thupi. Pa mphindi zisanu zokha theka lake limakhala litachoka m'magazi. Munthu angaganize kuti diripi ikatha ndiye kuti ngozi yathanso. Ayi. Mankhwalawa pogwira ntchito amachepetsanso chinthu china cha m'magazi chotchedwa fibrinogen, chimene thupi limalukira ulusi wotsekera bala. Kuti thupi lipange china chokwanira pamatenga pafupifupi tsiku lathunthu. Mlendo wapita kale, koma nyumba waisiya chitseko chili pululu.

Nchifukwa chake kutayika kwa magazi sikukonda kuchitika diripi ili mkati, ngakhale nthawi zina kumatero. Kumakonda kubwera patapita maola angapo, pamene achibale atsitsa kale mtima pansi. Kafukufuku wa mu 2015 wa m'zipatala zingapo za ku America anaona odwala 128 amene zinawachitikira. Theka la iwo linadziwika pasanathe maola pafupifupi 8 chiyambire mankhwala. Wina zinamuchitikira patangotha mphindi 30, wina patadutsa tsiku ndi theka. Ndipo oposa theka la odwala amenewo anamwalira m'chipatala momwemo. Mwachidule, ngozi yaikulu ili m'maola 12 oyamba, imapitirira mpaka maola 24, ndipo ikadutsa maola 36 madokotala kawirikawiri sanenanso kuti ndi mankhwala aja. Malo amene ubongo unafa akhoza kudontha magazi paokha m'masiku otsatira, ngakhale kwa munthu amene sanalandire mankhwalawa, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Tawerengani tsopano. Agogo aja analandira mankhwala chakummawa, dzuwa litakwera pang'ono. Mutu unayamba dzuwa litalowa. Ndi maola ngati 9 kapena 10. Olemba sewero sanangolota, anaika vutolo pa nthawi yake yeniyeni.

Chifukwa cha zimenezi anamwino amakhala ndi ndondomeko yokhwima. M'maola 2 oyamba amayeza BP ndi kuona wodwala mphindi 15 zilizonse. M'maola 6 otsatira amabwera mphindi 30 zilizonse. Kuchoka apo amabwera ola lililonse mpaka maola 24 atakwana. Amafuna kuti BP isafike 180/105. Amamudzutsa wodwala, kumufunsa dzina, kumuuza kuti akweze manja, kumuwalitsa tochi m'maso. Ndinagwirapo ntchito mu wodi, ndipo ndikudziwa mmene odikirira odwala amanyansidwira namwino akamadzutsa munthu pakati pa usiku. Ena amachita kunena kuti, "Anesi, mulibe chisoni kodi?" Chisoni chilipo. Koma munthu amene magazi akutayikira mu ubongo amaoneka ngati wagona tulo tabwino, ndipo njira yodziwira ndi kumudzutsa basi.

Ntchito ya inu odikirira

Tikudziwa tonse kuti wodwala akagonekedwa, amene amayala chitenje pansi pafupi ndi bedi ndi ife amayi. Kaya ndi kuno, kaya ndi ku Joni kapena ku Mangalande kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, ndi mwana wamkazi kapena mpongozi amene amakhala pafupi. Namwino akachoka, maso amene atsala ndi anu.

Mutu ukayamba mwadzidzidzi, kapena umene unalipo ukakula, itanani namwino. Akachita nseru kapena kusanza, itanani. Akayamba kuodzera mosadziwika bwino, kuvuta kudzutsa, kuyankha zosagwirizana, itanani. Mkono umene unayamba kugwira ntchito ukagwanso, mawu amene anabwerera akasokonekeranso, akayamba kugwedezeka ngati wa khunyu, musadikire kuti namwino afika yekha nthawi yake ikakwana. Pitani mukamutenge, ndipo munene mawu awa: "Wodwala wanga analandira mankhwala osungunula magazi, ndipo wasintha." Ngati diripi ikadali mkati amaitseka nthawi yomweyo, nkuthamangira naye ku makina. Akapeza magazi, amamuika gawo la magazi ochokera ku nkhokwe lokhala ndi fibrinogen uja, kapena mankhwala otchedwa tranexamic acid. Ena mwa inu munabayidwapo mankhwala amenewa, chifukwa ndi omwe aja timapatsa mayi akataya magazi ambiri pobereka. Nthawi zina pamafunika opaleshoni. Zonsezi zimathandiza pokhapokha zikachitika msanga.

Mpongozi wa m'sewero sanali woipa mtima. Ndi yemweyo amene anathamanga mmawa kupulumutsa apongozi ake. Cholakwa chake chinali chimodzi, sanauzidwe kuti mutu, kusanza ndi tulo pa tsiku limenelo si kutopa. Ngati pali wina woti timudzudzule m'seweromo, ndi amene anaika diripi osakhala pansi ndi banja kulifotokozera.

Muyang'anenso magazi otuluka m'malo ena: m'kamwa, m'mphuno, mu mkodzo, pamene anabaya jakisoni, kapena chimbudzi chakuda ngati phula. Palinso vuto lina losakhudza magazi limene limabwera msanga, diripi ili mkati kapena itangotha kumene, ndilo kutupa kwa milomo ndi lilime. Limakonda anthu amene amamwa mankhwala a BP monga enalapril. Likhoza kutseka mpweya, choncho nalonso ndi lothamangira.

Tsopano za zimene simuyenera kuchita, ndipo apa ndilankhula mosabisa. Musamupatse asipulini, kapena mankhwala ena alionse a m'chikwama mwanu, ngakhale mutu ukumupweteka chotani. M'maola 24 oyamba madokotala eni ake sapereka asipulini kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana. Amadikira tsiku lithe, amuunikenso m'mutu, akaona kuti mulibe magazi ndiye amayamba. Musamupatse mankhwala azitsamba mobisa. Musalole munthu kumutema mphini, chifukwa magazi ake sangaleke msanga. Musamudzutse kuti ayende yekha kupita kuchimbudzi, akagwa nkumenyetsa mutu ndi tsoka. Ndipo phala lija mwabwera nalo m'fulasiki, lidikire kaye mpaka namwino ayese ngati akutha kumeza. Odwala sitiroko ambiri amatsamwa mosaonekera, chakudya nkulowa m'mapapo, mapeto ake chibayo. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kumana wodwala chakudya ndi chinthu chochititsa manyazi. Pa tsiku limeneli manyaziwo muwapirire.

Zoti muuze adokotala mankhwala asanaperekedwe

Funso loyamba limene adzakufunsani ndi lakuti, "Munamuona liti komaliza ali bwinobwino?" Sakufunsa nthawi imene munamupeza atagwa. Ngati anagona ali bwino 9 koloko usiku nkudzuka mmawa pakamwa patapotoka, nthawi yake ndi 9 koloko usiku. Mukapanda kuyang'ana wotchi, kumbukirani chimene chinkachitika: ana ankapita kusukulu, pa wailesi pankanenedwa nkhani, belu la kutchalitchi linali litangolira. Musafupikitse nthawi pofuna kuti alandire mankhwala. Maola akachuluka mitsempha imakhala itafooka kwambiri, phindu limachepa, ngozi ya kutaya magazi nkutsala.

Nenaninso ngati amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, amene ambiri odwala mtima amamwa. Nenani ngati anavulalapo kwambiri m'mutu kapena kudwala sitiroko ina m'miyezi itatu yapitayi, ngati anatayapo magazi mu ubongo, ngati wachitidwa opaleshoni posachedwa, ngati wakhala akusanza magazi kapena kuchita chimbudzi cha magazi, ngati ali woyembekezera kapena wangobereka kumene. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala. Ngozi ya kutaya magazi imakhala yokulirapo kwa okalamba kwambiri, kwa amene sitiroko yawo ndi yaikulu, ndi kwa amene afika shuga kapena BP ili pamwamba. Adokotala amayeza zonsezi asanaganize, ndipo BP ikakhala yoposa 185/110 amayamba aitsitsa kaye.

Nanga ife kuno?

Mayi wina pa zokambirana anafunsa kuti, "Zonsezi zikutikhudza bwanji ife, poti pa chipatala chathu chaching'ono makinawo palibe?" Funso labwino. Ndi zoona, mankhwalawa simungawapeze pa chipatala cha kumudzi. Amafuna makina ounikira, dokotala wodziwa kuwerenga chithunzi, ndi anamwino okwanira kuyang'anira wodwala usiku wonse. Koma musatengepo phunziro lolakwika, lakuti poti mankhwalawo kulibe ndiye wodwala sitiroko agone kunyumba kudikira asing'anga. Ku chipatala amayeza shuga, chifukwa shuga akatsika kwambiri amaonetsa zizindikiro zonga za sitiroko ndipo amachizika pa mphindi zochepa. Amayang'anira BP, amaona za kumeza, amateteza zilonda za pabedi, amayambitsa mafizo, ndipo amatumiza ku chipatala chachikulu amene akufunika kutero. Lamulo la asipulini lija ndi la pano pomwe: munthu akapotoka pakamwa musamumwetse asipulini kunyumba, chifukwa simukudziwa ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika. Mugonekeni chammbali, osamupatsa kanthu pakamwa, pezani galimoto. Ngakhale zizindikiro zitatha zokha patapita mphindi zochepa, pitanibe tsiku lomwelo, chifukwa kawirikawiri limenelo ndi chenjezo la sitiroko yaikulu.

Za hamala zija sindikangana ndi munthu. Ndingonena zimene timapeza tikamanga lamba woyezera pamkono wa anthu amene akuti amenyedwa hamala: ambiri BP yawo imakhala pamwamba, ndipo yakhala choncho zaka osadziwa. Kafukufuku wa dziko lonse la Malawi wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa nkomwe.

Musaganizenso kuti sitiroko ndi ya agogo okha. Inu amene muli oyembekezera, ndi inu amene mwabereka m'masabata 6 apitawa, muli pa nthawi imene magazi amaundana msanga ndipo BP imatha kukwera mwadzidzidzi. Mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena nyenyezi m'maso, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti, zimenezi si zodikira tsiku la sikelo. Ngati munauzidwapo kuti BP yanu inakwera muli ndi pakati, muziyezetsabe ngakhale mwana atakula, chifukwa vutolo limakonda kubwerera m'tsogolo. Amene mumamwa mapiritsi olera a mphamvu ziwiri, ngati muli ndi BP, kapena mumadwala mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuthwanima m'maso, kapena mumasuta fodya ndipo mwakwana zaka 35, tiuzeni lero lomwe tikusankhireni njira ina. Njira zilipo zambiri.

Tikamaliza kuyeza ana, makina a BP akhala pa tebulo la pakhomo paja. Aliyense adutsirepo, tilembe nambala yake m'buku. Amene kunyumba muli ndi amayi, apongozi kapena abambo a ana amene sanayezetsepo, mubwere nawo ulendo wamawa, kuyeza kwake sikutenga ngakhale mphindi zisanu.